Zigoba Zimene Anandipukutira

Uthenga wa chibwenzi changa, Wamchere, unalowa pafoni ndikumanga mabatani a jasi langa loyera la ku labu.

"Bambo akuti za Loweruka tiiwale kaye. Ndikuyimbira."

Ndinauwerenga katatu, ngati kuti kachitatuko mawu asintha. Loweruka limenelo linali tsiku loti makolo a Wamchere abwere kwathu kudzaonana ndi amayi anga, titatha zaka ziwiri tikukumana m'makona ngati anthu ogulitsana katundu wakuba. Amayi anali atasintha kale makatani a pabalaza. Achemwali anga anali atasoketsa diresi, ngakhale wofunsiridwa sanali iwo. Tsono lero Lachiwiri munthu akundilembera mizere iwiri yokha, eti tiiwale kaye.

Ndinamuyimbira. Foni inalira mpaka kutopa. Ndinayimbanso, chimodzimodzi. Amuna amene amalemba kuti "ndikuyimbira" ndi omwewo sayimba, ndipo ukayimba iweyo amaiyang'ana foniyo ngati njoka yalowa m'thumba.

Wamchere si dzina lake, ndinamutcha ndine. Bambo ake amaweta nkhono za m'nyanja ya mchere pa zingwe zolendewera m'madzi, pafupi ndi pamene mtsinje umathirira, ndipo iye ndi amene amakoka zingwezo m'mawa uliwonse. Asambe ndi sopo wamtundu wanji, pakhosi pake pamamvekabe mchere. Ine ndimagwira ntchito ku labu yoyeza zigoba. Nkhono ikamakula imamanga chigoba chake ndi zimene yapeza m'madzi, ndipo sisankha, chabwino ndi choipa imasunga zonse. Ife timapera zigobazo, kuzisungunula, n'kuona kuti muli zitsulo zanji, makamaka zija timazitcha zitsulo zosowa, zimene amapangira mafoni ndi maginito. Tinakumana ndikukatenga zigoba pa zingwe za bambo ake, ine nsapato itatitimira m'matope, iye akuseka m'malo mondithandiza.

*

Wamchere anabwera masana, n'kuima kunja kwa geti la labu atavala magambutsi ake.

"Bwanji sumayankha foni?" ndinamufunsa.

"Ndinali ndi bambo. Ndikanayankha ali pomwepo akanaiponya m'madzi."

"Chachitika n'chiyani?"

"A ku hotela abweza mabokosi onse a dzulo. Onse. Mkulu wa ophika akuti wamva zoti labu yapeza zitsulo m'nkhono zathu. M'mawa uno malo odyera ena awiri ayimbanso kuti tisabweretse."

Zinali zoona. Lachisanu lapitalo makina anaonetsa kuti zigoba za pa zingwe zawo zinali ndi seriyamu, chimodzi cha zitsulo zosowazo, wochuluka kuposa malo ena onse amene tinayeza. Koma abwana anati nkhaniyo isatuluke mpaka tiyezenso, ndipo ine ndinatseka pakamwa ngakhale kwa iye.

Anandiyang'ana kumaso. "Ndiye iwe umadziwa."

"Sindiloledwa kunena."

"Ngakhale kwa ine?"

"Kwa wina aliyense. Ndiponso palibe amene wanena kuti nkhonozo zili ndi poizoni. Tayeza chigoba, osati nyama. Tikufuna kuyezanso."

"Kawauze a ku hotela zimenezo. Munthu akamva kuti chitsulo amaona msomali m'mbale mwake."

"Nanga bambo akuti chiyani za ine?"

Anayamba kuyang'ana magambutsi ake ngati wawagula kumene. "Akuti anandichenjeza kale. Akuti mtsikana wa m'labu sanabwere kudzakonda mwana wawo, anabwera kudzawerenga madzi awo. Akuti chikomekome cha mkuyu..."

"Malizitsa."

"Mwambiwo ukuudziwa."

"Ndiye nyerere za m'katimo ndine. Iwe unawayankha chiyani?"

"Ndinakhala chete."

"Unakhala chete."

"Ukanafuna nditani? Zingwe zija anayamba kumanga ine ndisanabadwe. Munthu akulira ntchito ya moyo wake wonse, ine ndiziti bambo mukulakwa?"

Ndinkafuna kulira, ndinkafunanso kumugenda ndi kabokosi kanga ka chakudya. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizo. Ndinangomuuza kuti abwerere ku zingwe zake, popeza zingwezo ndizo zili ndi woziyankhulira, ndipo ndinalowa m'geti osacheuka.

*

A Tayi ndinawapeza akutsuka mabotolo, uku akuimba mluzu. Ndi mnzanga wa ntchito, ndipo dzinalo analitenga chifukwa amamanga tayi pansi pa jasi la labu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anandifunsirapo kawiri. Kawiri konseko ndinakana mwaulemu, ndipo ndikuona kuti ulemuwo ndi umene unandilakwitsa, chifukwa iwo anaumva ngati ndati dikirani pang'ono.

"A Tayi, zotsatira za thumba la zigoba za kwa Wamchere tinaziona anthu atatu. Ine, inu ndi abwana. Zafika bwanji kukhitchini ya hotela?"

"Kukhitchini ya hotela? Aa, mwina ndi mlamu wanga. Ndi mkulu wa ophika kumeneko. Tinali kucheza Lamlungu."

"Munali kucheza za seriyamu?"

"Anandiikira mbale ya nkhono, ine n'kukana. Anandifunsa chifukwa. Ndikanamunamiza? Ine ndinaleredwa bwino."

"Abwana anati tisanene."

"Sindinanene zambiri, ndinangokana kudya." Anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. "Koma inu mwapsa mtima chonchi bwanji? Ndimayesa ndi zigoba chabe. Kapena thumba limenelo lili ndi mwini wake?"

Ankadziwa bwino lomwe. Labu yonse inkadziwa, mpaka alonda a pageti.

"Ine ndimangokumverani chisoni," anapitiriza. "Munthu wa madigiri awiri kukakhala mpongozi pakhomo ponunkha ndere. Pamene ena tili pompano, galimoto tili nayo, shawa ya madzi otentha tili nayo."

"Kasambeni nokha m'shawamo, mwina pakamwa pangayere."

Ndinatuluka ndisanawaswere botolo pamutu, chifukwa mabotolo a ku labu ndi ovuta kuwapeza.

*

Kunyumba ndinapeza amayi ataima pampando akukonza makatani aja. Ndinawauza ndisanavule n'komwe nsapato, kuti ndithane nazo.

Anatsika pampandopo mosathamanga. "Ndiye akana kubwera."

"Akuti tidikire kaye."

"Mwana wanga, ine ndakula. Kaye wa anthu oterewa amatha zaka. Nanga mnyamatayo anati chiyani kwa bambo ake?"

Ndinawerama n'kuyamba kuvula nsapato.

"Ndamva," anatero amayi. "Mwamuna amene walephera kukuikira kumbuyo lero usanalowe m'nyumba mwawo, adzakuikira kumbuyo uli m'kati? Bambo ako anali ndi zofooka zawo, koma palibe amene anandinyozapo iwo ali moyo n'kukhala chete."

Achemwali anasuzumira kuchokera kukhitchini, mpeni uli m'manja. "Ine ndinanena kale. Kodi a Tayi aja anakulakwira chiyani? Munthu wonunkhira perefyumu. Uyu wakoyu akalowa m'nyumba amphaka onse a mumsewu uno amadzaza pakhomo."

"Achemwali, diresi lija mukhoza kukavalira kutchalitchi, musadandaule."

"Mwamva amayi? Mwano umenewu ndi umene wathawitsa apongozi."

Ndinalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. M'chikwama changa, kuseri kwa chiphaso cha ntchito, munali kapepala kamene ndinkasunga kwa milungu itatu. Ndinakatulutsa. "Kwa dokotala wanga, zosankhidwa ndi dzanja langa." Zilembo zake zopendama ngati zikuthawa mphepo.

Apa ndiulule chimene sindinauze aliyense. Lamulo la ku labu ndi lakuti wotenga zigoba apite yekha, avale magolovesi, aziike m'thumba la pulasitiki monga mmene zatulukira m'madzi, ndi matope ake omwe, kenako asaine pafomu kuti watenga ndi iye. Tsiku lotenga zigoba, milungu itatu yapitayo, galimoto ya ku labu inafera panjira nditatsala ndi malo amodzi okha, a bambo a Wamchere. Wamchere anati ndisavutike, andibweretsera. Madzulo anafika ndi zigoba khumi ndi ziwiri m'kansalu koyera, kapepala kali pamwamba. Ine mtima unali pa kapepalako. Zigobazo ndinangozikhuthulira m'thumba, n'kusaina dzina langa.

Nditakhala pabedi ndi kapepalako m'manja ndi pamene ndinakumbukira mmene zigobazo zinkaonekera. Zinkawala ngati mbale zatsopano. Chigoba chotuluka m'madzi sichiwala, chimakhala chakuda, chokakala, chonunkha. Ine wophunzira zaka zisanu ndi chimodzi ndinaona kuwalako n'kungomwetulira, poganiza kuti wazitsuka ndi madzi. Manyazi anandigwira mpaka ndinaphimba nkhope ndi pilo.

*

M'mawa mwake sindinapite ku labu. Ndinaika magolovesi ndi matumba m'chikwama n'kukwera basi yopita kugombe.

Bambo a Wamchere anali pakhonde akulumikiza chingwe choduka. Ndinawapatsa moni nditagwada pang'ono. Anayankha osadzutsa mutu, ndipo mpando umene unali pambali pawo anauikapo mpukutu wa chingwe.

"Mwabwera kudzayeza chiyani lero, a dokotala? Mpweya wathu?"

"Ndabwera kudzaonana ndi mayi, bambo."

"Ali kuseri. Musaponde zingwe zanga, zingagwidwe ndi chitsulo."

Mayi ake ndi munthu wofatsa, wa manja okhakhala. Kuseri kwa nyumba ali ndi kashedi kamene amapangiramo ndolo ndi mikanda kuchokera ku zigoba zotsala. Anandilandira ndi manja awiri, akuyang'anayang'ana kukhonde ngati akuba nkhuku.

"Musawatengere mawu bambo anuwo, mwana wanga. Sanadye chidyere dzana."

"Mayi, zigoba zanuzi mumaziwalitsa ndi chiyani?"

Anadabwa ndi funsolo, koma anandionetsa kagudumu kansalu kozungulira ndi magetsi, ndi chitini cha ufa wofiirira pang'ono. "Ufa umenewu enieni ake amapukutira magalasi, koma ine ndinaona kuti zigoba zimawala nawo bwino. Umangonyowetsa pang'ono."

Ndinatembenuza chitinicho n'kuwerenga zolembedwa. Unali ufa wa seriyamu. Chitsulo chimene chinatisowetsa mtendere sabata yonse chinali pashelefu, pakati pa guluu ndi mpukutu wa ulusi.

"Mwana wanu anagwiritsapo ntchito ufa umenewu?"

"Aa, uyo! Milungu itatu yapitayo anakhala muno masana onse, n'kundithera theka la chitini. Anayamba wasalaza m'mphepete monse ndi tupa, eti kuti wolandirayo asadzicheke. Nditamufunsa kuti ndi za ndani anangoseka." Anandiyang'anitsitsa, kenako anagwira pakamwa. "Zinali zanu?"

Ndinangogwedeza mutu, chifukwa ndikanatsegula pakamwa pakanatuluka mawu osayenera kuwamva mayi wa munthu.

*

Wamchere ndinamupeza pamlatho wa matabwa wolowa m'madzi, akukoka chingwe. Atandiona nkhope yake inawala, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

"Zigoba zija unazipukuta ndi chiyani?"

"Ziti?"

"Khumi ndi ziwiri zija. Za m'kansalu."

"Oo, zija. Ndi ufa wa amayi. Unazikonda eti? Sunanene kanthu tsiku lija."

"Ndinakuuza kuti uzitulutse m'madzi n'kundibweretsera. Basi."

"Zinali zonyansa! Matope, ndere, tizilombo tomatirira. Ndikanakupatsa bwanji zotero?"

"Matopewo ndi amene ndimafuna!"

"Mwamuna amapatsa mkazi matope?"

"Ufa umenewo ndi seriyamu, Wamchere! Chitsulo chimene makina apeza unachipaka ndiwe, ndi manja akowa, masana onse!"

Chingwe chinamupulumuka n'kubwerera m'madzi. Anakhala pansi pamatabwa, kukamwa kuli yasa. Anafuna kuseka, kenako anaona nkhope yanga n'kumeza kusekako.

"Ndiye nkhani yatha," anatero. "Kawauze abwana ako kuti linali vuto langa."

"Ndikanena, ndiye kuti ndaulula kuti sindinabwere kuno tsiku lija, ndiponso kuti ndinasaina bodza. Atha kundichotsa ntchito."

"Nanga ukapanda kunena?"

"Dzina la zingwe za bambo ako lipitiriza kununkha, ndipo Loweruka latha."

Madzi ankamenya matabwa pansi pathu. Ndinkamukonda munthu ameneyu, ndipo ndinkafuna kumukankhira m'nyanjamo.

"Ine ndikanena kwa abwana anga," ndinatero. "Koma iwe uyambe. Pita ukawauze bambo ako kuti unachita chiyani, ine ndili pomwepo. Dzulo unakhala chete. Lero uyankhule."

"Panopa?"

"Ayi, chaka chamawa."

Anadzuka, n'kupukuta manja pathalauza. Anayenda kutsogolo ngati mbuzi yopita kumsika. Pakhonde anayamba ndi kutsokomola, kenako anafotokoza zonse, za galimoto yakufa, za tupa, za ufa, mpaka za kapepala, zimene sizinkafunika n'komwe. Sanasiye pakati. Pomaliza anati, "Bambo, mwamunyoza munthu wosalakwa. Wolakwa ndine." Amayi anga akanamumva, mwina akanamuchotsera mlandu umodzi.

Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali, chingwe chili m'manja. Ndinkaganiza kuti amukwapula nacho.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero pomaliza. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuopa namondwe, osadziwa kuti chondigwetsa ndikuchidyetsa m'nyumba." Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma inu, a dokotala, nthano ndamva. Ine ndikhulupirira pepala. Tengani zigoba zina, ndi manja anuwo, ine ndikuona. Pepala likatsuka madzi anga, Loweruka ndivala jekete. Likapanda kutero, musadzapondenso pano."

Ndinavala magolovesi iwo akuona. Ndinasankha nkhono khumi ndi ziwiri zakuda, zokakala, za m'mphepete mwakuthwa, ndi matope ake. Wamchere anatambasula dzanja kuti andithandize kunyamula thumba.

"Usakhudze," tinanena pamodzi ine ndi bambo ake.

*

Abwana athu ndi mayi wa imvi amene sakweza mawu, ndipo n'chifukwa chake timawaopa. Ndinaima patsogolo pa desiki yawo masana omwewo, thumba la matope lili m'manja, n'kuulula zonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anavula magalasi.

"Munasaina kuti munatenga nokha."

"Inde, bwana."

"Chifukwa cha kapepala ka chikondi."

"Chifukwa galimoto inafa, bwana."

"Galimoto sisaina mafomu." Anavalanso magalasiwo. "Mulandira kalata ya chenjezo, ndipo nkhani yanu ipita kwa akuluakulu. Mwadzipulumutsa pang'ono pobwera nokha. Zigoba izi aziyeza a Tayi, inu musakhudze makina. Ine ndikuchoka mawa, ndibwera Lolemba. Zotsatira zikatuluka, sizituluka m'nyumba ino ine ndisanazione. Mukabwereza kulakwa, khomo mukulidziwa."

"Nanga amene anakauza a ku hotela?"

"Imeneyo ndi nkhani ya ine ndi iwo. Inu samalani yanu."

Potuluka ndinakumana ndi a Tayi akuitanidwa kulowa. Anatulukamo patapita mphindi khumi, tayi itapendekeka, mluzu utatha.

*

Lachinayi lonse ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira. Wamchere ankatumiza uthenga ola lililonse. "Zatuluka?" "Nanga pano?" "Amayi asita jekete la bambo mobisa." Kwathu amayi anakana kuchotsa makatani, akuti anagula ndi manja awo ndipo palibe mweta nkhono amene angawalamule. Achemwali anayesanso diresi lawo kawiri.

Lachisanu masana a Tayi anakhala pamakina, ine nditaima kumbuyo kwawo manja ali m'matumba a jasi, monga ndinalamulidwira. Manambala anayamba kutsika pakompyuta mzere umodziumodzi.

"Seriyamu," anawerenga a Tayi. Anakwinya nkhope ngati akumeza mankhwala owawa. "Wochepa. Ngati malo ena onse."

Sindinadikire mzere wina. Ndinathamangira pakhonde, n'kuiwala abwana, kuiwala kalata ya chenjezo, kuiwala khomo limene anandilozera. Ndinalemba mawu awiri okha. "Seriyamu mulibe!" Yankho linabwera nthawi yomweyo, mitima yofiira yodzaza foni. Ndinatsamira khoma n'kuseka ndekha ngati wamisala.

"Tabwerani muone," anaitana a Tayi.

Mawu awo analibe chipongwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anali ataloza mzere wina, chapansi.

"Gadoliniyamu," anatero. Ndi china cha zitsulo zosowa zija, cha dzina lothyola lilime. Nambala yake inali yaikulu kuposa ya malo ena onse, osati pang'ono.

"Mwalakwitsa penapake, a Tayi."

"Ndinayeza zigoba zonse khumi ndi ziwiri, chilichonse pawiri, pakati ndi m'mphepete. Ndinkafuna abwana asandipezenso chifukwa. Pakati, pamene nkhono inamanga kale, ndi wochepa. M'mphepete, mmene yamanga chaka chino, ndi uyo. Ameneyu si wa m'chitini, ali m'kati mwa chigoba. Pali chimene chayamba kutsika ndi mtsinje uja."

"Nanga bwanji sanaoneke poyamba?"

"Zigoba zoyamba zija zinalibe m'mphepete. Wina anasalaza."

Ndinakhala pampando wa pafupi. Tupa uja. Kuti wolandirayo asadzicheke. Munthu mmodzi, masana amodzi, anapaka bodza n'kufufuta choonadi, zonse chifukwa chofuna kundisangalatsa.

"Sizikutanthauza kuti nyama yake ndi yoopsa," ndinatero, ndikudzilankhulira ndekha. "Tiyenera kuyeza nyama, kuyeza madzi..."

"Zimenezo ndi miyezi. Lolemba abwana atumiza lipoti kwa oyang'anira gombe, ndipo pafomu pali dzina lanu. Nthawi ino ndi loona." Anasindikiza pepalalo n'kuliika patebulo pakati pathu. "Talionapo ndife awiri. Ine pakamwa ndatseka, ndaphunzira. Koma mawa zikavuta, mukafuna wokuchotsani pamalopo, galimoto ili ndi mafuta."

Foni inayamba kulira m'thumba la jasi. Inali nambala imene ndinaisunga zaka ziwiri zapitazo koma inali isanandiyimbirepo. Ndinatuluka nayo pakhonde.

"Halo, bambo."

"Mwana wanga," anatero bambo a Wamchere. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Uyu wandionetsa uthenga wanu. Ine ndine munthu wokalamba ndi wouma mutu, ndinakunyozani pakhomo panga. Pepani. Munaika ntchito yanu pachiswe chifukwa cha zingwe zanga, ndipo sindidzaiwala. Pepala mudzandionetsa pambuyo, mawu anu andikwanira. A ku hotela ndawayimbira kale, ndawauza kuti mpongozi wanga wayeza yekha, madzi anga ndi oyera. Auzeni amayi anu kuti mawa tifika teni koloko."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikanena za gadoliniyamu, ndaphwanyanso lamulo, ntchito yatha, Loweruka lathanso. Ndikapanda kunena, Lolemba adzadziwa kuti ndinawagwadira, n'kuwathirira tiyi, n'kulandira dzina la mpongozi, pepala ndikulidziwa.

"Mwana wanga, mukundimva?"

"Ndikukumvani, bambo."

"Teni koloko. Jekete lasitidwa kale."

Foni itaduka ndinaimabe pomwepo, ndikuyang'ana pagalasi pepala lija lili patebulo, a Tayi akulitsendereza ndi botolo kuti lisauluke. Uthenga wina unalowa, wochokera kwa amayi anga.

"Mnyamata wako wayimba, wapepesa bwino, ndamukhululukira. Ndibwereke mipando ingati?"